Magazi pa ovolosi ya bambo

Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala m'komboni ya mgodi wina kunja kwa Kwekwe. Bambo anachokera ku Dedza ndipo ankagwira ntchito pansi pa nthaka. Loweruka lina, ndikuthandiza mayi kuchapa, ndinaona magazi ouma kumbuyo kwa ovolosi yawo. Sabata yotsatira analiponso. Ndinakauza a Banda, othandizira adokotala ku kiliniki ya mgodi, amene tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Bambo atamva anamasula lamba.

"Adokotala akandiyeza, ntchito yatha, nyumba ino alanda. Tikagona kuti? Njira ya ku Nyasalande ukuidziwa iwe?"

Anandikwapula katatu. Sindinalire. Kenako anakapempha a Banda kuti asaulule kwa adokotala, ndipo a Banda sanaulule. Bambo anagwirabe ntchito zaka ziwiri, akuwonda, akukhalira mbali imodzi pampando. Atamwalira, nyumba ija tinatulukamo ndithu.

Chaka chatha magazi ndinawaona kwa ine mwini. Ndinakhala chete miyezi khumi. Mwana wanga Rudo, amene ndimakhala naye ku Rutendo, ataona kuti malamba onse akundikulira anandikweza kombi mokakamiza kupita kuchipatala.

"Nhai baba, mukufuna tidzamve pamaliro?" anatero.

Adokotala anapeza khansa kumapeto kwa matumbo, pafupi ndi potulukira chimbudzi. Chotupacho chinali chitaboola khoma la thumbo.

"Dulani lero," ndinatero.

"Sekuru," anatero adokotala, kunditchula agogo m'chinenero cha kuno, "mukanabwera msanga mwina tikanangodula. Pano tiyambe tachiwotcha ndi makina a radiyeshoni kuti chifote. Opaleshoni pambuyo."

Masabata asanu ndinali ku Bulawayo, Lolemba mpaka Lachisanu, kugona pa tebulo lozizira, buluku lili m'mawondo, pamaso pa manesi amsinkhu wa adzukulu anga. Makinawo sapweteka. Chopweteka chimabwera pambuyo: kutsegula m'mimba ndi khungu lonyuka. Tsopano ndikudikira tsiku la mpeni. Ati mwina ndidzavala kathumba pamimba.

Bambo sindiwaimba mlandu. Anali ndi ana asanu ndi denga la eni ake. Koma ine ntchito ndinapuma kalekale, nyumba ndi yathu. Panalibe wondilanda kanthu. Ndinangokhala chete poti ndi zomwe ndinaphunzira, ndipo chotupa chinakula m'miyezi imeneyo.

Lamlungu ndinaitana ana anga aamuna awiri. Ndinawauza za matenda a agogo awo ndi anga, malo ake ndikuwatchula dzina, ndi kuti akayezetse. Anazolika. Ndinawauza kuti adzutse mitu, sindinamalize.