Lamulungu ku munda wa a kapitawo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza movutikira chifukwa cha Sabata. Mvula ya 2002 itayamba, esiteti ina ya tiyi kufupi ndi kwathu ku Thyolo inkalemba anthu othyola. Ndinapitako, koma nditangonena kuti ndine wa Seveni Dei ndipo Loweruka sindigwira ntchito, anandiuza kuti malo atha. Bambo a ana anga anali atalowera ku Joni osamvekanso, ana awiri akuyang'ana ine. Ndiye mayi Nakoma, amene tinkaimba nawo kwaya, anandilozera kwa a Khuliwa, kapitawo wa divishoni ya kumtunda pa esiteti yomweyo.

A Khuliwa anandilandira ndi mano onse panja. "Za Sabata musade nazo nkhawa, mayi. Loweruka muzipemphera, ine ndiziona chochita kuofesi. Tizingothandizana." Mawu oti tizingothandizanawo sanandikhale bwino. Ine munthu akandisekerera kwambiri ndimayamba kuyang'ana kumene kuli khomo. Komabe nambala ya ntchito ndinailandira, chifukwa pa esiteti wopanda nambala sadya.

Ntchito yake ndinaizolowera msanga. Umavala pulasitiki m'chiuno kuti nthambi ndi mame zisakung'ambire zovala, dengu kumsana, n'kulowa mumzere wako. Umathyola masamba awiri ndi kansonga kake, ndi manja onse awiri, n'kumaponya kumbuyo osacheuka. Ndodo yaitali umaigoneka pamwamba pa tiyi kuti usathyole motsika n'kuwononga tebulo, kutanthauza msinkhu wofanana wa mitengoyo. Dengu likadzaza umapita kushedi, kalaliki amayang'ana ngati mulibe masamba okhwima, n'kukoloweka pasikelo. Kenaka thirakitala imatenga zonse kupita kufakitale.

Kuthandizana kuja kunadziwika Lachisanu loyamba. A Khuliwa anatiuza ife a Sabata kuti Lamulungu tipite ndi makasu athu ku Khwethemule, kumunda kwawo kwa chimanga, tikapalire. Panalibe malipiro, panalibe ngakhale chinangwa chowiritsa. Lamulungu lililonse zinali choncho, uku minda yathu ikudyedwa ndi udzu. Mayi wina atajomba kamodzi chifukwa mwana anadwala, Lolemba anapeza nambala yake itapatsidwa munthu wina. Mayi Nakoma, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki n'kudzalima minda ya azungu mokakamizidwa, anati, "Mwanawe, ili ndi thangata lomwe lija, langosintha mwini wake."

Mu February tinamva kuti kukubwera alendo otumidwa ndi ogula tiyi akunja, kudzaona ngati antchito akusamalidwa. Mwadzidzidzi tinagawiridwa majombo atsopano, zimbudzi zinapakidwa laimu, phala la m'mawa linatsekemera. Ine ndinangoti mumtima, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amene anafika kushedi kwathu anali mayi wa ku Blantyre, wovala magalasi. Anatsika m'galimoto ya kampani, ndipo tonse tinkadziwa kuti nkhomaliro wadyera kunyumba kwa manijala. Munthu wodya m'mbale ya abwana ndikamuuze za abwana? Anatifunsa ngati alipo amene amagwira ntchito mokakamizidwa, komanso ngati timapuma tsiku limodzi pa mlungu. A Khuliwa anali chiimire pakhomo la shedi, akusewera ndi ndodo yawo.

"Timapuma, madamu," tinayankha tonse ngati ana a sukulu.

Zinandiwawa. Mayiyo akupita kugalimoto, ndinanamizira kuti dengu landigwa pafupi ndi mapazi awo. Ndikutola masamba ndinati, "Lamulungu mubwere ku Khwethemule, kuseri kwa chigayo, mudzaone mmene timapumira. Koma musabwere pa galimoto iyi." Anangolowa m'galimoto osandiyang'ana n'komwe. Ndinatsala ndikudzitukwana kuti ndadzigulitsa ndekha, chifukwa ndinali wotsimikiza kuti akukandinenera kwa abwana.

Lamulungu linafika. Ndinapita kumundako. A Khuliwa anali atakhala pachulu, ndipo akandiyang'ana ndinkaona ngati akudziwa zonse. Dzuwa litakwera, tinaona mayi wina akutsika panjinga ya kabaza, atavala chitenje ndi duku. Ndinawazindikira ndi magalasi. Anapereka moni, n'kufunsa kuti mundawo ndi wa yani ndipo ganyu yake tapangana bwanji. Tonse tinatembenukira kuchulu, makasu ali m'manja.

A Khuliwa anatsika pachulu akuseka. "Madamu, awa ndi abale a mpingo. Angobwera kudzandithandiza mwa chikondi."

Mayiyo anatembenukira kwa ife. "Zoona zimenezi?"

Mayi Nakoma anayang'ana pansi. Ena anayamba kukanda nthaka ndi zala za kumapazi. Ndinaganiza za nambala yanga, ndinaganiza za ana anga, ndipo mantha anandigwira kwenikweni. Koma mayiyo ndinali nditawaitana ndekha, ndipo ndikanakhala chete akanabwerera n'kukalemba kuti ku Thyolo kuli chikondi.

"A kapitawo," ndinatero, "mpingo wake uti? Inu kutchalitchi kwathu simunapondeko. Tabwera chifukwa tikapanda kubwera, mawa nambala kulibe."

Nkhope ya a Khuliwa inagwa. Mayi Nakoma anaponya khasu pansi n'kuyamba kufotokoza, Chinyanja chikuwathawa mpaka kulowa m'Chilomwe, ndipo ena onse anatsatira. Mlendoyo anapempha a kapitawo kuti apite kaye kunyumba, n'kukhala nafe pamzera mpaka aliyense atanena zake.

Patapita masabata angapo a Khuliwa anachotsedwa ukapitawo. Ofesi inalengeza kuti a Sabata azipuma Loweruka poyera, osadzera kwa munthu, ndipo palibe wololedwa kutuma wantchito kumunda kwake. Ine nyengo imeneyo ndinaimaliza. Koma mvula yotsatira nditapita kukalembetsa, kapitawo watsopano anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu ndi mayi olongolola aja? Malo atha." Anzanga onse analembedwa. Chaka chimenecho ana anga anagonera mango owiritsa, ndipo sindinganame kuti sindinalire.

Lero ndili ndi kamunda kanga ka tiyi kwa Nchilamwela, ndipo nyengo ya mvula ndimalemba amayi angapo ondithyolera. Alendo a ogula amafikanso kwa ife alimi ang'onoang'ono. Alimi anzanga amawaperekeza mzere ndi mzere, kuwayankhira antchito mafunso. Ine akangofika ndimawapatsa mpando, ndimaitana amayi aja, kenaka ndimatenga ndowa n'kupita kumtsinje, kutali kumene sindingamve. Ngati pali chimene ndikuwalakwira, sangachinene ine nditaima pakhomo.