Kabowo ka pa Depoti

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene usipa unatithawa ku Lungwena. Anzanga amsinkhu wanga anali atapita kale. Mkazi wanga Asiyatu, ali ndi mwana wathu Halima kumsana, sanakane komanso sanavomere. Anangoti, "Bola muziimba. Ndalama ikasowa, mawu asamasowe."

Ndinkaimbadi. Ku Joni ndinkagona m'kachipinda ka malata ndi anthu osamva chinenero changa, ndipo kwathu konse kunali m'foni. Munali manambala, zithunzi, ndi mawu amene Asiyatu ankajambula uku akutsuka mbale. Ndinkawamvera mobwerezabwereza, nthawi zina kungofuna kumva tambala wa apongozi akulira chapatali. Nambala yake sindinaisunge m'mutu. Ndani masiku ano amaloweza manambala?

Patapita zaka maganyu anavuta m'tauni, ndipo ndinamva za ntchito m'munda wa mphesa, kutali chakumwera. Ndili pa depoti kudikira basi, batire inatsala pang'ono kutha. Pakhoma panali timabowo tolowetsa chingwe cha foni, taulere. Kwathu kutchaja timalipira pa kashopu ka sola, ndiye nditaona zaulere ndinati dziko la eni ake ndi lokoma. Ndinalowetsa chingwe. Pa foni panabwera timawu ta Chingerezi tofunsa kanthu, ine n'kudina povomera kuti tichoke msanga. Sindinkadziwa kuti chingwe cholowetsa moto chimathanso kutulutsa zam'kati. Mpaka lero ndikaona timabowo totere m'basi, manja ndimapisa m'thumba.

Ndisanakhazikike kumundako foni inayamba misala, kenako inadzitseka, layini nayo n'kufa. Wokonza mafoni m'katauni kapafupi anandifunsa kumene ndinailumikiza. Nditamuuza anapukusa mutu, nati wina analowamo, chimene angathe n'kuifufuta yonse basi. Anandibwezera foni yopanda nambala ndi imodzi yomwe.

Kumundako kunalibe Mmalawi mnzanga. Ndinkathyola mphesa tsiku lonse osalankhula, mpaka nthawi zina ndinkadzipatsa moni m'Chiyao kuti ndione ngati lilime likadalipo. Ndinasungulumwa koopsa. Ndikanalimbikira, njira yofikira kwathu ikanapezeka, koma malipiro ankachedwa, ndipo kuimba chimanjamanja kunkandichititsa manyazi. Ndinkangoti mwezi wamawa. Miyezi inapita, zokolola zinatha, ndinakwera basi yobwerera kumudzi.

Ndinatsika pa Lungwena dzuwa lili paliwombo. Mayi wina wogulitsa mandasi atandiona anasiya beseni n'kuthawa. Wakabaza anakana kundikweza. Amene analimba mtima anali amalume anga, Che Saidi. Anandigwira mkono n'kuufinya ngati akuyesa papaya.

"Iwe Yusufu, si iwe tinakuchitira sadaka?"

Anandifotokozera tili chiimire pamsewu pomwepo. Uthenga unachokera pa nambala yanga yomwe, wolembedwa m'Chingerezi ndi munthu wodzitcha mnzanga wakuntchito. Munthuyo anati ndagundidwa ndi galimoto, ndamwalira. Anatumiza chithunzi cha pasipoti yanga, ndi china chimene ndinadzijambula kuchipatala nditavulala mkono. Ife Asilamu maliro sitigoneka, choncho palibe anadabwa atauzidwa kuti ndalama ya nsalu yokulungira mtembo ndi manda ikufunika lomwelo. Amalume anagulitsa njinga, apongozi mbuzi. Shehe anawerenga duwa, pemphero lathu lija, anthu anadya mpunga wa sadaka yanga, ndipo Asiyatu analowa eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osayendayenda.

Asiyatu ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusankha mpunga. Eda inali itatha. Sanathawe, sanalirenso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa mpando ndi madzi akumwa monga amachitira ndi mlendo. Zimenezi zinandipweteka kuposa kuthawa kwa mayi wa mandasi.

Ndinayamba kufotokoza za depoti, za kabowo, za chingwe. Ndinkafuna amve mmene ndinavutikira ndekha kumphesa kuja, mwinanso andimvere chisoni. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, bambo a Halima," anatero. "Koma nanunso mumve. Nthawi ya eda pakhomo pano sipankatha anthu. Wina nkhuni, wina ndiwo, wina kungobwera kudzacheza nane. Amene anafolera denga ili ndi achimwene anu. Zaka zonse zija muli moyo, palibe ankaponda pano. Ankati mkazi wa munthu wa ku Joni sasowa kanthu."

Iye anabwerera ku lichero lake, n'kumatola timiyala mmodzimmodzi. Patapita kanthawi anafunsa, osadzutsa mutu:

"Tsono poti muli moyo, anthu aja asiya kubwera. Inuyo mukhala, kapena ndiyambirenso kukhala ndekha?"