Musiyeni

Mlongo wanga Enoki anagwira upolisi zaka 19, ndipo mfuti yake sinalirepo ngakhale pa khwangwala. Ine ndine Enifa, mkulu wake. Ndinkamubereka kumbuyo kwathu kuno ku Kachebere, ndiye ndikati anali wofewa mtima ndikudziwa chimene ndikunena. Nkhuku ikamaphedwa ankathawira kuseri kwa nkhokwe, koma ikapsa ndiye woyamba kusamba m'manja. Tonse tinkati adzakhala wansembe. Mayeso a kuseminale atamukanika analowa upolisi, ndipo anzake anamupatsa dzina loti Bambo Mfumu, chifukwa akagwira wakuba ankayamba kaye wamulalikira.

Chaka chatha, tsiku la msika ku Kamwendo, galu wina anayamba kuthamangitsa anthu. Anang'amba chitenje cha mayi wogulitsa tomato, akabaza anataya njinga zawo n'kukwera pamabenchi. Enoki anafika ndi mfuti n'kupeza galuyo atapanikizidwa pakona ya golosale, dovu lili chuchuchu. Anagwada bondo limodzi, n'kulozetsa mfuti.

Pomwepo anatulukira mayi wamasiye wophika zitumbuwa, amake Takondwa, akuthamanga mpango uli m'manja.

"Musiyeni! Musiyeni! Mayo ine, Musiyeni!"

Wapolisi wina akanawombera kaye, maliro n'kumva pambuyo. Koma uyu ndi Enoki. Anaona mayi akulira, anatsitsa mfuti, n'kutola thumba la chimanga lopanda kanthu kuti amufunditse galuyo. Galu anadumpha n'kumuluma padzanja mpaka fupa kuonekera. Akabaza ndiwo anamalizitsa galuyo ndi miyala.

Mukudziwa chimene chimandiwawa mpaka lero? Musiyeni linali dzina la galuyo. Mayiwo anamutcha choncho amuna awo atamwalira, achibale a kuchimuna atayamba kuwanena m'mudzi. Paja kuno mawu amene sungamuuze munthu pamaso umapatsa galu, n'kumamuitana mokweza kuti eni ake amve. Tsiku limenelo sankachonderera aliyense. Ankaitana galu wawo basi. Iwonso ankafuna aphedwe, poti kuyambira Lachiwiri anali atayamba kuwauwa eni ake omwe.

Kuchipatala chimene Enoki anapita anamutsuka bala n'kumubaya jakisoni mmodzi wa chiwewe. Otsalawo anati abwere Lolemba. Lolemba lija anati mankhwala atha, ayesere Lolemba linalo. Anayenda maulendo atatu, bala linapola, munthu anabwerera kuntchito.

Atabwera kudzandiona ndinamukalipira mpaka nkhuku kubalalika pabwalo.

"Iwe Enoki, boma linakupatsa mfuti ija kuti uzipirikitsira ntchentche? Galu, galu weniweni, n'kumuika patsogolo pa ana ako atatu?"

"Alongo, inu simunalipo," anatero akusisita chipsera chake. "Anthu onse aja mafoni ali m'mwamba. Ndikanawombera, lero bwenzi mukundiona paliponse, wapolisi wankhanza wapha galu wa mayi wamasiye, mayi akupempha. Komanso chipolopolo chikanaphonya? Kuseri kwa khoma lija kunali anthu."

"Ndiye bola dzanja lako?"

"Dzanja lapola ili."

Anaseka, inenso ndinaseka nawo. Chitsiru ine! Ndikanamukoka khutu tsiku lomwelo mpaka ku Lilongwe kukasaka jakisoni.

Patatha milungu isanu, mlamu wanga Yankho, mkazi wake, anandiimbira foni kuti bambo a ana akukana madzi. Ndinapita ndi thobwa m'botolo, ndimvekere mwina ndi malungo. Nditangotsanulira m'kapu, Enoki anakuwa n'kudzikanikiza kukhoma, khosi likugwedezeka. Ludzu ali nalo, milomo itang'ambika, koma kapu sakufuna n'kuiona komwe. Titathamangira naye kuchipatala, adokotala anatitengera pambali n'kutiuza mosabisa kuti ndi chiwewe, ndipo zikafika apa palibenso mankhwala.

Pamaliro anthu anatsutsana mpaka kumanda. Ena amati anachita bwino, wapolisi si wongowombera chilichonse. Ena amati galu wolusa sanyengereredwa. Onsewo anadya, nanyamuka, napita kwawo. Amake Takondwa anakhala patali pansi pa mtengo wa mango, ndipo sindinawapatse moni. Ndikudziwa kuti sanalakwe, koma sindinathe.

Chimene sindinauze anthu ndi ichi. Tsiku lake lomaliza, masana dzuwa likuswa mtengo, Enoki anayamba kuphiriphitha pabedi, dovu kukamwa. Analowa amuna anayi, awiri a iwo apolisi anzake, n'kuyamba kumumanga manja ndi miyendo ndi nsalu. Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ali mwana nkhuku ikamaphedwa. Ndinawalumphira amuna aja, ndikuwamenya pamsana, ndikukuwa kuti wodi yonse imve:

"Musiyeni! Musiyeni!"

Palibe anandimvera. Anamanga mfundo yomaliza, n'kunditulutsa panja.