Mphunzitsi wa Haji wa ku Chamboli

A Obadiah Zulu a ku Chamboli anakalambira mumgodi wa kopa, kumene ntchito yawo inali yoonetsetsa kuti anthu asavulale. Atapuma pantchito, chizolowezi chinakana kupuma. Ngakhale kutchalitchi cha Reformed, kumene anali mkulu wa mpingo, ankakhala moyang'ana khomo.

Mwana wawo Tamara atakwatiwa ndi Juma, Msilamu wa ku Ndola, nalowa Chisilamu, a Obadiah anakwiya mpaka mkwiyowo unawatopetsa okha. Koma tsiku limene Tamara anawauza kuti akupita ku Haji ku Mecca, mtima unawachoka. Anali ataona pa TV chinamtindi cha anthu chikuzungulira malo amodzi, ndiponso anamvapo kuti zaka zina anthu anafa popondana.

"Zachipembedzo sindilowererako," anatero, "koma nkhani ya khamu ndi yanga."

Anamuitanitsa ku Chamboli, napempha amayi a Chigwirizano a kutchalitchi kwawo kuti azimukankha pabwalo la nyumba. Amayiwo anakankhadi ndi mtima wonse.

"Manja pachifuwa! Patapata ikavuka, isiye!" ankakuwa a Obadiah.

"Atate, kumeneko kuli asilikali otsogolera anthu, ndipo gulu lililonse limayenda panthawi yake," Tamara anadandaula ali wefuwefu.

"Nakonso kumgodi kunali mabwana. Kankhani, amayi!"

Tamara anapita, nabwerako wamoyo, atangowonda pang'ono ndi kugwidwa ndi chifuwa.

"Unachita zimene ndinakuphunzitsa?" anamufunsa.

"Ndinaiwala zonse, Atate. Ndinkangolira ndi kupemphera. Pamene panadzaza kwambiri, mayi wina wa ku Turkey anandigwira dzanja, osandisiya. Sitinkamvana ngakhale liwu limodzi."

Yankho limeneli a Obadiah sanalitengere kutali. Chamboli yense anamva kuti maphunziro awo ndi amene anapulumutsa mwana, ndipo mbiriyo inakwera minibasi mpaka ku Mushili, ku Ndola. Shehe wa mzikiti wina kumeneko anawaitana kuti akalangize ofuna kupita chaka chotsatira.

Anapita atavala suti, navula nsapato pakhomo monyinyirika. Munthu amene sanapitirirepo tauni ya Chipata anafotokoza za Mecca mpaka thukuta kamukamu, akuloza uku ndi uku. Atamaliza, mkulu wina wa ndevu zoyera, amene anapitako kawiri, anafunsa mwaulemu:

"Zikomo, bambo. Kodi inuyo munapita chaka chanji?"

A Obadiah anakonza tayi.

"Ine ayi. Ndinatumako mwana."