Pilo Amene Sankachapidwa

Pilo uja ndimamukumbukira kuposa nkhope za anthu ambiri a kwathu ku Mlangeni. Anali wolemera, wamabampu, wosokedwa pamanja ndi chitenje chobiriwira chosuluka. Ankanunkha utsi, thukuta, ndi kafungo kena kamene sindinkakadziwa. Ankamugonera amayi okha. Tsiku lochapa ankamunyamula n'kumuika pamwamba pa sutikesi, moti madzi sanamukhudzepo, dzuwa silinamuonepo.

Nyengo yachisanu ya chaka chimene ndinali sitandade fili, patatha zaka ziwiri bambo atamwalira, ndinadwala chimfine. Amayi anandimvera chisoni n'kundipatsa pilo wawoyo. Ndinadzimva ngati mwana wa bwana. Koma chimfine chitatha, m'mawa uliwonse ndinkadzuka maso akuyabwa, ndikuyetsemula, m'chifuwa mukulira ngati muli kamwana ka mphaka. Mpweya unkalowa koma kutuluka kunali ntchito.

Aliyense ankati ndi kuzizira. Ndiye amayi anatseka kazenera ndi nsanza, anandiunjikira mabulangete atatu, ndipo analeka kuwayanika panja poopa kuti angalowe nkhungu. Lero ndikaganiza ndimangopukusa mutu: chilichonse chimene ankachita pondikonda ndi chimene chinkanditsamwitsa. Sindiwaimba mlandu. Akanadziwa bwanji?

Amalume, achimwene awo a amayi, anabwera kuchokera ku Bwanje n'kundipeza nditakhala pakhonde ndikupumira m'mwamba. Anali munthu wosabwereza mawu.

"Achemwali, mwanayu mumupha ndi chisanu chanuchi. Ndikumutenga. Akakachira kwathu kotentha, ndiye kuti kwawo n'komweko."

Amayi anali atataya kale mwamuna, ndipo mwana ndinali ndekha. Anangondimangira zovala m'kathumba.

Ku Bwanje ndinkagona pamphasa, mkono ndiwo pilo, ndipo mphasayo azakhali anga, akazi a amalume, ankaikutumula n'kuiyanika tsiku lililonse. Pasanathe masabata awiri ndinali kuthamanga m'mizere ya minda ya mpunga ndikupirikitsa mbalame. Kuchirako kunandiopsa kwambiri, chifukwa ndinkadziwa tanthauzo lake: sindidzabwereranso kwa amayi. Ndinayamba kutsokomola dala amalume akamadutsa. Ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Chifuwa chako chimadziwa nthawi, eti?"

Kenaka amayi anabwera kudzandiona, atasenza mbatata ya kachewere m'dengu, pamwamba pake atamangirira pilo uja. Anati popeza ndikhalitsa kuno, ndikhaleko ndi kanthu ka kwathu. Ndinamukumbatira n'kugona naye nkhope nditaikwirira momwemo.

Kutacha sindinkatha kumaliza ngakhale mawu amodzi. Ndikukumbukira njinga ya amalume ikudumpha m'mabampu, ine nditawagwira malaya, amayi akuthamanga m'mbuyo opanda nsapato. Pa kachipatala ka m'deralo adokotala anandipumitsa mankhwala, ndipo chifuwa chitamasuka anafunsa funso limodzi lokha: chasintha n'chiyani m'nyumba dzulo?

Atamva za pilo anafotokoza kuti m'mapilo ndi m'mabulangete osachapa mumaswana tizilombo tating'onoting'ono ta m'fumbi, tosaoneka ndi maso, timene timadya tinyenyeswa ta khungu lathu. Zitosi zake ndizo zimadzutsa mphumu mwa ana ena. Anati zam'kati mwa piloyo zichapidwe ndi madzi otentha n'kuuma padzuwa, apo ayi ziotchedwe.

"Ameneyu sangachapidwe," anatero amayi chapansipansi.

Titafika kunyumba amalume anaponya pilo uja pamphasa pabwalo, pambali pake n'kuikapo lezala.

"Achemwali, sankhani. Mukachapa, mwana mutenga. Mukakana, atsala kuno, ndipo ichi sichilowanso m'nyumba mwanga."

Ndinaima patali, ndikudabwa kuti munthu angazengereze bwanji posankha pakati pa ine ndi pilo. Kunena zoona, ndinawakwiyira. Amayi anakhala nthawi yaitali atagwira lezalayo. Kenaka anadula ulusi, msoko ndi msoko, ndipo fumbi linatuluka kuti tolo.

M'katimo munalibe thonje kapena nsanza. Munali malaya awiri, juzi yabulauni yong'ambika pachigongono, ndi chipewa chaubweya. Zinali za bambo. Tsiku limene akuchimuna ankagawana zovala za malemu, amayi anabisa izi n'kuzisokera m'pilo, osauza munthu. Amalume anavula chipewa chawo. Kenaka anapita kuseri kukatenga nkhuni n'kutereka okha madzi mumphika waukulu.

Amayi anachapa zonse kawiri. Madzi oyamba anatuluka akuda bii. Patapita masiku atatu tinakwera limodzi kubwerera ku Mlangeni, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse zofunda zathu zinkakhala pachingwe, kazenera kali kotsegula. Mphumu ndidakali nayo mpaka lero, koma sinandigwetsenso chotero.

Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi madzulo a tsiku lochapalo. Ndinawaona amayi ataima pachingwe, atakwirira nkhope mu juzi ija, akukoka mpweya kwanthawi yaitali. Anaisiya, n'kutenga malaya, kenaka chipewa. Ine ndinathamangira pomwepo, wokondwa kuti ndikupita kwathu, ndinanunkhiza nawo n'kufuula kuti, "Amayi, zayera! Zikungonunkhira sopo yekhayekha!"

Anandisisita kumutu n'kuvomera kuti eya, sopo yekhayekha. Ine ndinkaganiza kuti akuona ngati zauma.