Amuna Uku, Akazi Uko

A banja lathu amene analipo tsiku limenelo kwa Chowe ndi awa: achimwene anga aakulu, obadwa nawo bere limodzi, akazi awo, amene ndi alamu anga, amuna anga, bambo a ana anga onse, ndi ine. Atatu enawo anatsogola kale kumanda. Ndikulemba chifukwa nkhaniyi m'banja mwathu imakambidwa mokhota.

Achimwene anagwira ntchito m'boma mpaka kufika pa udindo waukulu kulikulu. Atapuma, anasankhidwa ndi bungwe lina la kunja limene linkathandiza akuluakulu opuma m'boma kuti achite ntchito yosintha miyoyo ya anthu wamba. Linawapatsa thandizo la chaka chathunthu pamodzi ndi galimoto. Nthawi imeneyo anthu othawa nkhondo ku Mozambique anali atadzaza m'midzi ya kumapiri, ndipo iwo ndi eni mudzi ankalimbirana minda ndi nkhuni. Maganizo a achimwene anali akuti magulu awiriwa alime dimba limodzi lothirira. Ine anandipempha kukhala mlembi, popeza ndinafika ku sekondale. Amuna anga ndiwo ankayendetsa galimoto.

Tinanyamuka ku Mangochi m'mawa kupita kwa Chowe, achimwene atavala khaki monga ankachitira poyendera maboma. Tikukwera phiri, alamu anga anati, "Bambo, khaki ameneyu mukanamusiya. Simulinso m'boma."

"Ndiye andimvere bwanji, mayi? Mukufuna ndikaime pamaso pawo ngati wogulitsa usipa?"

Tonse tinaseka.

Othawa nkhondo tinawapeza atasonkhana pabwalo la sukulu, ena atanyamula makasu poti anauzidwa kuti kuli ntchito. Eni mudzi anaima cha patali. Ndinakhala patebulo n'kutsegula kaundula. Achimwene ankafuna amuna okumba ngalande ndi akazi ofesa mbewu, koma phokoso linali lalikulu. Anatulutsa wezulo, naiimba katatu, nafuula kuti, "Folani! Amuna uku, akazi uko! Aliyense atchule dzina lake lilembedwe!"

Chimene sitinkadziwa, ndipo tinachimva mochedwa, ndi ichi: kumene anthuwa anachokera, amuna a mfuti akafika pamudzi ankayamba ndi mawu omwewo, ndipo amuna opatulidwawo sankabweranso.

Akazi analira mokuwa, anthu nayamba kuthawa mopondana. Tebulo linagubuduzika, nkhalamba ina inagwa pamapazi panga, ena naidutsa pamsana. Pakati pa bwalo panatsala mwamuna wamtali, wowonda, wopanda khutu limodzi, mkazi wake atam'kakamira pamkono. Achimwene, poganiza kuti awiriwa sanamve, anapita n'kumugwira mkaziyo padzanja.

"Mayi, kwanu n'kuno."

Mwamunayo anatukula khasu nawatema pamutu. Ndinamva kulira kwa fupa. Achimwene anagwada, magazi akutsika kumaso mpaka m'kamwa.

Eni mudzi anathamangira pabwalo akutola miyala, akufuula kuti, "Tinawapatsa malo, lero ayamba kutipha!" Koma amene anafika poyamba ndi amuna anga, atagwira chitsulo chomasulira matayala. Mwamuna uja anali ataponya kale khasu. Anakhala pansi, manja ali pamutu, akubwereza m'Chiyao kuti amuphe iyeyo koma mkaziyo amusiye. Ndinaona kuti akangomukhudza ndi chitsulocho sadzukanso, ndipo ndinawagwira malaya amuna anga.

"Bambo, taonani, wakhala pansi! Khasu wataya!"

"Choka iwe! Mlongo wako akufa apo, iwe ukuchonderera chigawenga?"

Chikwatirane anali asananditchulepo kuti iwe. Anandigunda ndi chigongono pakamwa, dzino n'kuthyoka, ine n'kugwa. Achimwene, ali chigwadire m'manja mwa akazi awo, ankati, "Alamu, lekani, alamu," koma mawu awo sanafike patali. Amuna anga anamenya kawiri. Koyamba paphewa, mkono n'kulendewera. Kachiwiri kunkhongo. Miyala ya eni mudzi inagwa pambuyo pake, pathupi limene linali litasiya kale kugwedezeka. Mkaziyo anagona pamwamba pa mwamuna wake, miyala ina nim'peza iye. Sanalire. Anangomuphimba pamutu ndi chitenje chake.

Achimwene tinathamanga nawo kuchipatala, anawasoka, ndipo anachira, ngakhale diso limodzi silinaonenso bwino. Apolisi anauzidwa kuti munthuyo anaphedwa ndi gulu. Atandifunsa, ndinayankha kuti ndinali nditagwa, sindinaone. Palibe amene anamangidwa. Kalata ya ku bungwe lija ndinaitayipa ndine, achimwene akunena mawu, ndipo munalembedwa kuti panali kusamvana pang'ono ndi anthu a m'deralo. Dimba silinalimidwe. Achimwene anabweza galimoto chaka chisanathe, ndipo kwa Chowe sanapondekonso.

Ndinabwererako ndekha kawiri kukafunafuna mkazi uja. Anthu a mtundu wake atandiona ankalowa m'nyumba. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, ndipo dzina lake kapena la mwamuna wake sindinalimve. Ndi amuna anga tinakhalabe limodzi mpaka imfa yawo. Ndinawadwazika, ndinawalira monga mkazi wawo, koma za tsikulo sitinakambiranepo.

Inu ana anga, ndi inu ana a achimwene, munakula mukumva kuti amuna anga anapulumutsa alamu awo kwa munthu wolusa. Sizinali choncho. Achimwene sanalinso pangozi, ndipo amene anaphedwayo anali atakhala pansi, wopanda kanthu m'manja. Sindikuti muleke kulemekeza makolo anu. Anakulerani bwino, ndipo ine ndinanama nawo limodzi.

Pempho langa ndi lakuti mapepala awa asatenthedwe ndikadzapita, ndiponso pasachotsedwe liwu ndi limodzi lomwe. Asungidwe ndi mwana wamkazi woyamba wa achimwene, ndipo mdzukulu aliyense akakula adzawerenge yekha.