Mitengo ya Mauta ya Apongozi Anga

Nditakwatiwa pakhomo pano, ndinapeza kuti chipinda chabwino kuposa zonse n'chogonamo mitengo. Anthufe tinkapanikizana kwina, mitengo ya mauta ili phee pathandala, kamphepo kakuiwomba bwinobwino. Zinkandinyansa, sindibisa.

Apongozi anga aakazi ndi mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wa zikhatho zokhakhala. Kwa zaka makumi atatu anthu ankatama amuna awo kuti amasema mauta osathyoka, koma panalibe wofunsa kuti mitengoyo ankaisamala ndani. Anali iwowa. Mtengo ukadulidwa n'kuwazidwa, ankasungunula phula la njuchi m'chitini n'kumata nsonga zonse ziwiri tsiku lomwelo, kuti usaume mothamanga n'kung'aluka. Kenako ankaugoneka mumthunzi zaka zitatu, n'kumautembenuza mwezi ndi mwezi, kuunyamula m'manja kuti amve ngati wapepuka.

Apongozi aamuna atamwalira, inatsala mitengo isanu ndi iwiri, yomaliza kudula iwowo. Inali itangogona chaka chimodzi. Posakhalitsa mng'ono wa malemuwo anatulukira, akuti wapeza anthu ofuna mauta msangamsanga.

"Alamu, zodikira zaka zitatuzi n'zachikale," anatero. "Dzuwa lilipoli, laulere."

Apongozi atachoka sabata imodzi kukadwazika mchemwali wawo, mlamu wawo uja anatulutsa iwiri, anapala phula lonse ndi mpeni, n'kuiponya padenga la malata. Ine ndinaona, pakamwa ndinatseka. Mumtima ndinkati mwina chipinda chija chipezeka. Manyazi ake ndikadali nawo mpaka lero.

Pobwerako apongozi anaipeza itang'aluka kuyambira kunsonga mpaka pakati, chala kuchita kulowa. Sanalire. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo pa chipindacho, ndipo mlamu wawoyo atabwerera inayo anawapeza pomwepo.

"Ndipatseni njira, alamu. Mitengoyo ndi ya achimwene anga."

"Achimwene anuwo ankasema, inde. Nanga phula linkawotcha manja a ndani? Onani zipserazi. Nkhuni zanu ziwirizo nyamulani mukaphikire. Isanu ili umuyi idzatuluka ikadzauma, ndipo wodzaitulutsa ndine."

"Ndiye adzaseme ndani? Inuyo?"

"Mudzabwere mudzaone."

Mlamu uja anawopseza kuti aitana abale, anawaitanadi. Anakambirana tsiku lonse, apongozi osasuntha pampando paja, mpaka anthu anatopa n'kumwazikana okha.

Zaka ziwiri zatha tsopano. Mwezi wathawu apongozi anatsitsa mtengo woyamba, n'kuugogoda ndi chala, unalira ngwee. Anatenga kasemasema wa amuna awo, ndipo patapita masiku asanu ndi anayi uta unakungidwa, unapindika bwino osalira n'komwe. Mlamu uja tinamutumira uthenga, sanabwere.

Ndinasuzumira pathandala n'kuona malo atatseguka, mtima unati myaa. Potembenuka ndinapeza apongozi ali kumbuyo kwanga, chitini chili m'manja, mitengo itatu yaiwisi ili pakhonde.

"Sungunulani phula, apongozi," anatero. "Malowo ali ndi eni ake."

Ndinalandira chitinicho n'kukasonkha moto.